Mafunso ndi mayankho: Paulus Gerdes, katswiri amene anaona masamu mu lichero

Ndaphunzitsa masamu kuno ku Angónia kwa zaka zambiri ndithu, moti ana amene ndinkawawerengetsa timiyala ndi zitsekerero za mabotolo lero akubwera kudzalembetsa ana awo. Ndikatchula dzina la Paulus Gerdes, kaya m'kalasi kaya tili pamthunzi ndi aphunzitsi anzanga, mafunso amene amabwera ndi omwewomwewo. Ena amafunsa mofuna kudziwa, ena mwachipongwe. Ndawasonkhanitsa pano onse, achipongwe omwe.

Kodi Paulus Gerdes anali ndani?

Anali katswiri wa masamu wobadwira ku Holland m'chaka cha 1952, amene anadzakhala nzika ya Mozambique ndipo anagwira ntchito m'dziko lino mpaka pamene anamwalira mu Novembala 2014. Anaphunzira masamu ndi fizikisi pa yunivesite ya ku Nijmegen, n'kuwonjezapo maphunziro a chikhalidwe cha anthu. Zinthu ziwirizi, masamu ndi chikhalidwe, ambiri amaziika m'matumba osiyana. Iye anaziika m'thumba limodzi kwa moyo wake wonse.

Dziko lapansi limamudziwa ngati mmodzi mwa amene anakhazika phunziro lotchedwa etnomatemática, kutanthauza kufufuza masamu amene ali mu ntchito ndi luso la anthu a mtundu wina uliwonse: oluka, omanga, asodzi, osewera bawo, amayi okongoletsa makoma. Dzinalo analitchukitsa ndi mnzake wa ku Brazil, Ubiratan D'Ambrosio, makamaka pa msonkhano waukulu wa aphunzitsi a masamu ku Adelaide, ku Australia, mu 1984. Koma za ku Africa kuno, palibe amene analemba zochuluka kuposa Gerdes.

Mnyamata wa ku Ulaya ankadzatani ku Mozambique nthawi imene azungu ena ankathawa?

Anafika mu 1976, patangotha chaka dziko litalandira ufulu. Achikulire akukumbukira mmene zinalili. Apwitikizi ochuluka, aphunzitsi omwe, analongedza n'kumapita. Mwa anthu 100 aliwonse, oposa 90 sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Yunivesite inali imodzi yokha dziko lonse, ya ku Maputo, imene chaka chomwecho inasiya dzina la Lourenço Marques n'kutenga la Eduardo Mondlane. Pa 8 Malichi 1977 Samora Machel anaitana achinyamata a m'makalasi apamwamba kuti aimike kaye maphunziro awo apite kukathandiza dziko, ndipo ambiri mwa iwo anakhala aphunzitsi asanamere ndi ndevu zomwe. Gerdes, iyenso ali wa zaka 24 zokha, anali m'gulu la osula aphunzitsi a masamu pa yunivesiteyo.

Kumeneko ndi kumene anagundana ndi vuto limene linadzamupatsa ntchito ya moyo wonse. Ophunzira ambiri sankafuna n'komwe kukhala aphunzitsi a masamu. Ankawaona ngati katundu wa atsamunda, phunziro limene sukulu ya Apwitikizi inkaligwiritsa ntchito ngati sefa yotsalitsira mwana wakuda. Buku linkanena za sitima ya pamtunda ya ku Lisboa ndi ku Porto, mwana n'kumaganiza kuti kwawo kulibe kanthu koyenera kuwerengera. Gerdes anaona kuti vuto si mitu ya ana ayi. Munthu sulimbikira chinthu chimene unauzidwa kuti n'cha eni ake.

Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka Gerdes sikanali nzeru zoposa zathu. Kanali maso oti sanazolowere. Dengu limene ife tinkangolilambalala pakhonde, iye analinyamula n'kulifunsa mafunso.

Amati ankanena za masamu oundana. Masamu amaundana bwanji?

Mawu ake m'Chipwitikizi anali akuti matemática congelada. Aliyense amene anagulapo karapau wa m'firiji pa msika wa ku Ulongué adziwa chimene ndikunena: nsomba ilipo yathunthu, koma yalimba gwa, siungaikazinge usanaisungunule.

Ganizo lake linali lotere. Munthu woyamba amene anatulukira kalukidwe kena kapena kamangidwe kena anachita kuganiza, kuyesa, kulephera, mpaka kupeza kuti njira iyi ndiye yolimba, yosawononga nsungwi zambiri. Kuganiza kumeneko kunali masamu. Obwera m'mbuyo anangolandira njirayo m'manja, osalandira chifukwa chake, ndiye nzeruyo inaundana m'chinthumo. Ulamuliro wa atsamunda, umene unkanyoza ntchito zamanja za anthu akuda, unangowonjezera kuzizira. Kusungunula kwake n'kuphunzira kupanga chinthucho ndi manja ako, kenaka pa sitepe iliyonse n'kumadzifunsa kuti: bwanji apa amachita chonchi? Ndikachita mwina chichitike n'chiyani?

Ndimaikonda njira imeneyi chifukwa siilola ulesi. Kujambula dengu pa foni n'kunena kuti "onani masamu a makolo athu" si kusungunula. Uyenera kukhala pansi, nsungwi ikucheke chala.

Tatipatsani chitsanzo cha pakhomo pompano.

Lichero. Malume anga, amene anakhala moyo wawo wonse cha ku Dómue osaponda m'kalasi, ankaluka malichero okagulitsa. Nditawerenga za Gerdes ndinapita kukawakhalira pafupi tsiku lonse, ndili kale mphunzitsi wovala taye.

Amayamba ndi kuluka kachimphasa kafulati ka nsungwi zong'amba ndi kupala, ka mbali zinayi. Lichero ndi lozungulira, koma limabadwa lili la makona anayi. Akatha amapinda mkombero, n'kuuika pamwamba, n'kumanga pakati penipeni pa mbali iliyonse mwa zinayizo. Kenaka amanyowetsa, kupondereza ndi phazi kuti kalowe mu mkomberomo, kudula makona otsala ndi kusoka m'mphepete.

Ndinafunsa kuti, "Malume, bwanji mumawerenga nsungwi za uku ndi za uku kuti zifanane? Mbali ina itatalikirako pang'ono chingavute n'chiyani?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chimene mbuzi ilili ndi miyendo inayi. "Iwe mphwanga, sukulu yonse ija? Likhala lopendama. Mkazi akamapeta, mphale izithawira mbali imodzi."

M'yankho limenelo muli phunziro lonse la quadrado, chinthu cha makona anayi owongoka ndi mbali zinayi zofanana, ndi bwalo lake: kuti pakati pa mbali zinayi zija pali mtunda wofanana kuchokera pamchombo pa chinthucho pokhapokha mbalizo zikafanana, ndipo mchombo wa kachimphasako ndi womwewo wa mkombero. Gerdes analemba za kalukidwe kameneka, kamene kamapezeka m'madera ambiri a ku Africa, ndipo anaonetsa mmene mphunzitsi angayambire pamenepo.

Pali china chimene malume anandionetsa osadziwa kuti akundiphunzitsa. Nsungwi imadumpha zitatu, kulowa pansi pa zitatu, ndipo yotsatira imayamba mosunthira kamodzi. N'chifukwa chake pa lichero pamaoneka timizere toyenda chopingasa ngati masitepe. Ukaluka nsungwi 6, yachisanu ndi chiwiri imabwereza ndendende zimene inachita yoyamba. Ukamadumpha ziwiriziwiri, kubwereza kumadza pakatha 4. Ndi masamu omwe aja a masiku a pa mlungu, oti lero likakhala Lachiwiri, pakatha masiku 7, 14 kapena 21 likhalanso Lachiwiri. Ana amavutika nazo pa bolodi. Pa lichero amaziona ndi maso, ena amachita kuzitulukira okha ndisanatsegule pakamwa.

Nanga za kamangidwe ka nyumba zimene aphunzitsi amakonda kutchula?

Ichi ndi chitsanzo chake chotchuka kwambiri mwa za ku Mozambique. Anthu akumudzi amayala maziko a nyumba ya makona anayi owongoka popanda sikweya ya mmisiri. Gerdes anafotokoza njira ziwiri. Yoyamba, utenga nsungwi zinayi, ziwiri zazitali zofanana ndi ziwiri zazifupi zofanana, uziyala pansi n'kumanga nsonga zake. Pamenepo chinthucho chikhoza kukhalabe chopendekera, ndiye utenga chingwe n'kuyeza kuchoka pa kona ina kufika pa kona yoyang'anizana nayo, kenaka kuyezanso mbali inayo. Umasunthasuntha mpaka miyezo iwiriyo itafanana. Zikafanana, khoma zikhomo, makona onse ali bwino. Yachiwiri ndi yachidule: nsungwi kapena zingwe ziwiri zofanana, uzipingasa kuti zikumane pakati penipeni pa iliyonse, ndipo nsonga zinayizo ndiwo makona a nyumba.

Chimene Gerdes anachita nazo ndicho chimasiyanitsa katswiri ndi munthu wongosirira. Euclides, Mgiriki amene analemba maziko a geometria, masamu a mizere ndi maonekedwe a zinthu, ku Alexandria zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, anayamba ndi mfundo zisanu zongovomereza popanda umboni. Yachisanu, yonena za mizere yoyenda limodzi osakumana, ndi yopotapota, ndipo inasautsa akatswiri kwa zaka zoposa 2000. Gerdes anaonetsa kuti nzeru ya omanga nyumba ija ikhoza kulembedwa ngati mfundo yoyambira m'malo mwa yachisanuyo, geometria ya kusukulu n'kumangika pamwamba pake bwinobwino. Mwana wa mlimi akhoza kuyambira pa chimene anaona bambo ake akuchita ndi luzi, n'kukafika kumene anafika Mgiriki.

Amisiri a njerwa a masiku ano ali ndi yawonso: kuyeza masentimita 60 mbali ina, 80 mbali ina, n'kuona ngati pakati pa nsonga ziwirizo pali 100. Limeneli ndi lamulo la kusukulu lija la Pitágoras, koma lopanda dzina: 60 kuchulukitsa ndi 60 ndi 3600, 80 kuchulukitsa ndi 80 ndi 6400, ndipo kuziphatikiza ndi 10000, amene ali 100 kuchulukitsa ndi 100. Mmisiri wina atandimangira khitchini ndinamuuza zimenezi, iye n'kuti, "Aphunzitsi, dzina lakelo sungani, ine mundipatse yotsala ija."

Zojambula pamchenga za ku Angola zikubwera bwanji m'nkhani ya munthu wa ku Mozambique?

Zimatchedwa sona, chimodzi ndi lusona, ndipo ndi za mtundu wa Tchokwe wa kumpoto chakum'mawa kwa Angola ndi madera oyandikana nawo a ku Zambia ndi ku Congo. Amuna akakhala pabwalo, wodziwa amasalaza mchenga, kudinda madontho m'mizere ndi nsonga za zala, kenaka kukoka mzere wozungulira madonthowo uku akusimba nthano kapena mwambi. Luso lake n'kuti chala chisanyamuke ndiponso chisaime mpaka mzere utabwerera pamene unayambira. Pofika nthawi ya Gerdes mwambowu unali ukuzilala, ndiye anagwiritsa ntchito kwambiri zithunzi zimene ofufuza ndi amishoni akale anakopera. Zina anazipeza kuti zinakopedwa molakwika, ndipo potsata malamulo a kajambulidweko anatha kuzibwezera mmene zinayenera kukhalira.

Yesani nokha panja, n'zosafuna ndalama. Dindani madontho mizere 3, mzere uliwonse madontho 4. Yambitsani mzere woyenda chopingasa pakati pa madonthowo. Ukafika kumphepete uzungulire dontho lakunja n'kubwerera mkati, ngati mpira wogunda khoma. Mudzaona kuti mzere umodzi wokha ukuta madontho onse 12 n'kudzatsekera pamene munayambira. Tsopano yesani mizere 4 ya madontho 6. Mzere umodzi sukwanira, pafunika iwiri. Mizere 3 ya madontho 6 ifuna itatu. Chinsinsi chake: kuchuluka kwa mizere yozungulira madonthoyo ndi nambala yaikulu kwambiri imene imagawa manambala awiriwo popanda chotsala, ija ana amailoweza kuti máximo divisor comum osadziwa kuti ntchito yake n'chiyani. Wojambula wa Chitchokwe amene ankafuna mzere umodzi ankadziwa miyezo yoyenera kusankha ndi yoyenera kupewa.

Tsiku limene ndinachita zimenezi ndi ana kuseri kwa kalasi, belu linalira iwo osadzuka pamchenga. Mtsikana wina, amene chaka chonse anali asanakwezepo mkono, ndiye anayamba kunena kuti 5 ndi 7 zipereka mzere umodzi, asanajambule n'komwe.

Kodi ankangolemba za ntchito za amuna?

Ayi, ndipo pamenepa anawatsegula maso ambiri. Analemba buku lonse la amayi, luso ndi geometria kum'mwera kwa Africa, lonena za zinthu monga zokongoletsa makoma za amayi a ku Lesotho zotchedwa litema ndi zoumbaumba. Kwa zaka zambiri anasonkhanitsa sipatsi, tizikwama toluka ta anthu olankhula Gitonga ku Inhambane, luso limene kuyambira kale linali la amayi. Akatswiri anatsimikiza kuti pali mitundu 7 yokha ya mmene chokongoletsa cha m'kamzere chingabwerezedwere, kaya mochita kutsetsereka, kutembenuzika kapena kuyang'anizana ngati pagalasi, ndipo mitundu yonseyo imapezeka pa sipatsi. Woluka amayeneranso kuwerengeratu asanayambe: ngati duwa lake limabwereza pakatha timizere 6, chikwama chonse chikhale ndi timizere 48 kapena 54, osati 50, apo ayi duwa silikumana kumsana.

Anafufuzanso madengu a mabowo a makona 6, ofala kumpoto kwa dziko lino. Kuti dengu lotere lipindike, woluka amachepetsa nsungwi imodzi pamalo pena, bowo n'kukhala la makona 5. Mpira wachikopa wakale uja wa zigamba zakuda ndi zoyera umatsata lamulo lomwelo, zigamba 12 za makona 5 ndi 20 za makona 6. Akatswiri a kemisitiri anadzapeza mu 1985 kuti maatomu 60 a kaboni amatha kulumikizana m'maonekedwe omwewo.

Manambala a m'zinenero zathu anawaganizirapo? Paja amati Chichewa n'chotalika powerenga.

Anatero. Mu 1993 iye ndi anzake anatulutsa buku la kawerengedwe m'zinenero za ku Mozambique, lotchedwa A numeração em Moçambique. Ife a ku Tete nkhaniyi tili nayo pakhomo, chifukwa chigawo chimodzi chomwechi chili ndi njira ziwiri. Wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga akafika pa zisanu amayambiranso: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi. Mnyungwe wa mumzinda wa Tete kapena ku Changara ali ndi liwu lakelake pa nambala iliyonse: tanthatu, chinomwe, sere, pfemba.

Anthu amaseka kuti pofika ponena "makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu" chapa yanyamuka kale. N'zoona, pamsika palibe amene amatero, timangoti setenta e oito kapena kutchula m'Chingerezi monga achitira abale athu a kutsidya kwa malire ku Dedza. Koma kutalikako kuli ndi phindu lake m'kalasi yoyamba. Mwana amene amati "zisanu ndi ziwiri" wauzidwa kale ndi chinenero chake kuti 7 ndi 5 kuphatikiza 2. Mufunseni 7 kuphatikiza 8: zisanu ziwiri ndi khumi, ziwiri ndi zitatu ndi zisanu, yankho 15. Mwana amene analoweza sete ndi oito ngati maina a anthu achilendo amayamba kuwerenga zala za kumapazi.

Tisaiwale kuti kuyesa koyamba kophunzitsa ana m'chinenero cha makolo pamodzi ndi Chipwitikizi, pakati pa 1993 ndi 1997, kunachitikira m'zigawo ziwiri zokha: ku Gaza m'Chichangana, ndi kuno ku Tete m'Chinyanja. Sinali ntchito ya Gerdes, koma muzu wake ndi umodzi ndi wa maganizo ake.

Kodi zimenezi si njira yongopusitsira ana a amphawi kuti azisewera ndi madengu pamene ana a mabwana akuphunzira masamu enieni?

Funso ili ndi lolemera kuposa onse, ndipo amene amalifunsa sindimawatenga ngati adani. Kholo lina linandifunsapo maso ali gwa: "Aphunzitsi, ine ndagulitsa mbatata kuti mwanayu adzakhale injiniya ku Cahora Bassa kapena ku migodi ya ku Moatize. Zoluka ndikanamuphunzitsa ndekha kunyumba." Akatswiri ena a maphunziro, makamaka ku South Africa, anadandaulanso chimodzimodzi, ndipo anali ndi chifukwa. Kumeneko mu 1953 Hendrik Verwoerd anafunsa poyera kuti kuphunzitsa mwana wakuda masamu kuli ndi phindu lanji pamene sadzawagwiritsa ntchito. Anthu amene anakula pansi pa maphunziro otero akamva zoti "masamu a chikhalidwe chanu" amanunkhiza msampha womwe uja wovala malaya atsopano.

Yankho langa ndi lakuti msamphawo ulipodi, koma Gerdes sanautchere. Werengani chilichonse chimene analemba: amayamba ndi dengu, koma satsiriza ndi dengu. Amatsiriza ndi teorema, lamulo la masamu lotsimikizika, ndi umboni wake, nthawi zina ndi funso limene palibe anali atalifunsapo. Lichero ndi khomo lolowera, si chipinda chogona. Mwana wa ku Tsangano ayenera kudziwa álgebra yomweyo imene akudziwa wa ku Maputo ndi wa ku Tokyo, ndipo mayeso a dziko sadzamufunsa za malume ake. Nkhani ndi yakuti afike kumeneko asanadzitaye, asanagamule mumtima kuti iye si wa masamu.

Kumene ndimagwirizana ndi otsutsa ndi apa: mphunzitsi amene masamu akewo ndi operewera akhoza kubisala kuseri kwa chikhalidwe. Ana aimba, ajambula, asangalala, koma teremu yatha asanatsimikize kanthu n'kamodzi komwe. Zoterozo ndaziona, ndipo mwana amene waberedwa motero waberedwa kawiri. Palinso chizolowezi china chonyanyira, chomati chilichonse chimene agogo ankachita chinali masamu apamwamba. Ayi. Woluka amadziwa kuti njira yake imagwira. Kutsimikiza kuti imagwira nthawi zonse, pa nambala iliyonse, ndi ntchito ina, ndipo ndi imene sukulu iyenera kuwonjezera.

Ndiye iyeyo anali katswiri wa masamu weniweni, kapena wolemba mbiri chabe?

Anali zonse ziwiri. Digiri yake ya udokotala yoyamba anaitenga ku Dresden, ku Germany, mu 1986, pa nkhani ya mmene kuganiza kwa geometria kunayambira mu ntchito za manja za anthu akale. Ina anaitenga ku Wuppertal, ku Germany komweko, mu 1996, pa za sona. Ndipo kuchokera mu sona momwemo anatulutsa zinthu zatsopano. Anaona kuti ukamatsata mzere uja pa pepala la timabokosi, n'kumadetsa kabokosi kamodzi kusiya kamodzi, pamatuluka zithunzi za timabokosi takuda ndi toyera zokhala ndi malamulo akeake a kufanana. Anazitcha Lunda-designs, potengera dera la Lunda ku Angola, kwawo kwa Atchokwe. Kuchoka apo anafika pa mitundu yatsopano ya matrizes, magome a manambala aja amene amaphunziridwa ku yunivesite, ndipo analemba za makhalidwe ake. Madala a pabwalo la ku Lunda sanaganizepo za matrizes. Koma popanda mchenga wawo, funsolo silikanabadwa.

Kupatula kulemba, anagwira ntchito zanji?

Pa Eduardo Mondlane anatsogolerapo gawo la maphunziro, kenaka la masamu. Kuyambira 1989 mpaka 1996 anali mkulu wa sukulu yosula aphunzitsi ya Instituto Superior Pedagógico, imene mu 1995, iye ali pampando, inasanduka Universidade Pedagógica. Zaka zoyamba za utsogoleri wakewo nkhondo inali isanathe, pakuti mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo kuno kwathu masukulu ambiri anali mabwinja, anthu ali ku Malawi. Yunivesite imeneyo inagawidwa mu 2019, ndipo nthambi ya ku Tete tsopano ili pansi pa Universidade Púnguè. Choncho mphunzitsi aliyense wa sekondale amene anasulidwa kumeneko wamwa pa chitsime chimene Gerdes anakumba nawo, ngakhale dzina lake asanalimvepo.

Kuyambira 1986 anatsogolera kwa zaka zambiri komiti ya mbiri ya masamu mu Africa, AMUCHMA, ya bungwe la African Mathematical Union. Pamodzi ndi Ahmed Djebbar wa ku Algeria anasonkhanitsa mndandanda waukulu wa zolembedwa zokhudza masamu m'mbiri ya Africa, kuyambira pa fupa la ku Ishango ku Congo, la zaka pafupifupi 20,000, mpaka zolemba za Chiarabu za kumpoto. Mu 2007 anatulutsa kaundula wa anthu a mu Africa oposa 2000 amene ali ndi udokotala wa masamu. Ntchito yotopetsa, yopanda ulemerero, koma yothandiza pamene wina ayamba zoti Afirika ndi masamu n'zosayenderana. Anasiyanso ophunzira ake a konkuno, monga Marcos Cherinda amene anafufuza za kuluka m'kalasi, ndi Abdulcarimo Ismael amene anafufuza tchadji, masewera apachibale ndi bawo wathu.

Ngati zinali zabwino chotere, bwanji sitikuziona m'masukulu athu?

Pang'ono zilimo, m'mabuku ena mumapezeka chithunzi cha dengu kapena mphasa, ndipo ndondomeko ya maphunziro a pulayimale imapatula nthawi ya zinthu za m'dera, ija amati currículo local. Koma chithunzi si phunziro. Mphunzitsi ali ndi ana 70 kapena kuposa, maphunziro a m'mawa ndi a masana, pulogalamu yoti aimalize, ndiye zoti atenge ana kupita kwa woluka zimaoneka ngati kutaya nthawi.

Palinso manyazi, ndipo awa ndi ovuta kuposa kusowa choko. Ulendo woyamba umene ndinalowa ndi lichero m'kalasi, pa sukulu ina imene ndinkaphunzitsa kale, ana anafa nacho chiseko. Wina kumbuyo anakuwa kuti aphunzitsi athamangitsidwa kunyumba ndi katundu yemwe. Mkulu wina wa pasukulupo anandiitanira pambali n'kundiuza kuti alendo ochokera ku boma akabwera asadzapeze ziwiya za kukhitchini pa tebulo la mphunzitsi. Ndipo kunena zoona phunziro lija linandikanika, chifukwa ndinali nditangonyamula lichero osakonza funso loti ana alimbane nalo. Ndinaima n'kumalitamanda ngati ndikuligulitsa. Chaka chotsatira ndinabwera ndi timapepala todula mizeremizere ta mitundu iwiri, aliyense aluke yekha, n'kuwafunsa kuti duwa libwereza pakatha tingati. Amene ankaseka aja ndi amene ankalimbirana timapepala.

Ndine mphunzitsi, kapena kholo chabe. Ndiyambire pati?

Mabuku a Gerdes ndi makumi angapo, m'Chipwitikizi, Chingerezi, Chifalansa ndi Chijeremani, ndipo m'zaka zake zomaliza ambiri ankawatulutsa kudzera ku kampani yosindikiza mabuku ya pa intaneti yotchedwa Lulu. Odziwa Chingerezi angayambe ndi Geometry from Africa la 1999. Zitsanzo zake zotchuka ndi za ku Inhambane, Nampula ndi Angola, koma njirayo ndi yonyamulika, ndipo zipangizo zili pabwalo panu.

Yambani ndi nkhokwe. Womanga amakhoma chikhomo, kumangirira chingwe, n'kuzungulira akulemba pansi ndi kamtengo. Afunseni ana chifukwa chimene chingwe chiyenera kukhala chokoka nthawi yonse. Kenaka ayeze ndi chingwe kuzungulira nkhokwe, ayezenso kudutsa pakati, achite chimodzimodzi ndi mphika, ndowa ndi gudumu la njinga. Paliponse adzapeza kuti kuzungulira ndi kudutsa pakati kuja katatu ndi kachidutswa, ndipo akadzakumana ndi 3,14 m'buku adzamulonjera ngati munthu wodziwana naye kale. Mukatero afunseni funso ili, limene ndimalikonda chifukwa limagwetsa ndi akuluakulu omwe: nkhokwe ziwiri n'zotalika mofanana, koma ina ndi ya mamita 2 kudutsa pakati, ina mita imodzi. Yaikuluyo ilowa chimanga chochuluka kangati? Pafupifupi aliyense amati kawiri. Yankho ndi kanayi.

Malume ndinawafunsa funso lomweli chaka chimene anadwala, tili pakhonde, iwo akupala nsungwi ndi kampeni kawo kakutha mbali imodzi. Sanayankhe msanga. Anayang'ana nkhokwe yawo, kuyang'ana ya oyandikana nawo, n'kuti, "Ngolo zinayi pa imodzi. Koma uwauze anawo kuti yaikuluyo imafuna miyala yambiri pansi, apo ayi chiswe chidya zonse zinayi."